Kwa Angerezi mphuno, mtsinje ndi boma zonse "zimathamanga"

Mu 2011 akonzi a Oxford English Dictionary, dikishonale yaikulu kuposa zonse za Chingerezi, anatulutsa ntchito imene inamudyera mmodzi mwa iwo, Peter Gilliver, miyezi yoposa 9. Miyezi yonseyo bamboyu anali pa liwu limodzi la zilembo zitatu, "run". Pomwe ankatsiriza n'kuti atalemba matanthauzo 645, ndipo amenewa ndi a mneni yekha, osaphatikizapo malo amene liwuli limakhala dzina.

Komatu liwuli ndi limodzi mwa mawu oyambirira amene mwana amaphunzira ku pulayimale. Aphunzitsi amalilemba pabolodi, amati ndi kuthamanga, mwina n'kutuma mwana mmodzi kuti athamange akagunde mtengo wa mango abwerere, phunziro n'kuthera pomwepo. Sanamunamize mwanayo ayi. Koma akakula n'kuyamba kuwerenga nyuzipepala amapeza kuti mayi wina "runs a shop" chonsecho amakhala pampando tsiku lonse, kuti chipatala "is running out of drugs", kuti mwana "is running a fever" ali chigonere pamphasa, kuti msewu "runs" kuchoka tauni ina kukafika ina pomwe sunasunthepo chimangidwire. Pa onsewa palibe wathamanga. Nanga liwu limodzi linafika bwanji posenza katundu yenseyu, ndipo wophunzira Chingerezi achite nalo chiyani?

Nambala ya 645 ija isatiopseze msanga. Oxford English Dictionary si buku longouza munthu tanthauzo la lero. Ntchito yake ndi kulondola mbiri ya liwu lililonse kuyambira pomwe linayamba kuoneka m'zolembedwa, choncho imasunga matanthauzo amene anafa kalekale, ndi ena amene ankangomveka pakati pa amalinyero, alenje, oomba nsalu kapena anthu a m'migodi. Gawo lake loyamba linatuluka mu 1884 motsogozedwa ndi James Murray, ndipo buku lonse linatha mu 1928, Murray atamwalira kale mu 1915. Pomwe linkasindikizidwa kachiwiri mu 1989, m'mabuku 20, mneni wotenga malo aakulu kuposa onse anali "set", wa matanthauzo 430 ofotokozedwa m'mawu pafupifupi 60,000. Akonzi atayamba kutulutsa pa intaneti ntchito yokonzanso buku lonse mu 2000, anayambira pa chilembo cha M, osati A. N'chifukwa chake "make" ndiye anayamba kulanda mpando wa "set" chaka chomwecho, kenako "put" mu 2007, kenako "run" mu 2011. Mpikisanowu unali wokondera pang'ono, chifukwa aneni atatuwa anafikiridwa "set" asanakhudzidwe.

Palinso nkhani ya kawerengedwe. Madzi oyenda mumtsinje ndi misozi yoyenderera m'masaya, kodi ndi tanthauzo limodzi kapena awiri? Nanga magazi a pabala? Akonzi ena amakonda kugawa, ena amakonda kuphatikiza, ndipo palibe khoti loweruza kuti wolondola ndani. Dikishonale imene ophunzira ambiri amaidziwa, Oxford Advanced Learner's Dictionary, imene inachokera pa ntchito ya A. S. Hornby, mphunzitsi amene ankaphunzitsa Chingerezi ku Japan, imapereka matanthauzo makumi ochepa chabe a mneni yemweyu, ndipo palibe amene amadandaula kuti yamubera kanthu.

Ngakhale titachotsera zonsezi, liwuli ndi lalikulube. Wolemba mabuku Simon Winchester, polemba mu New York Times chaka chomwecho cha 2011, anapereka maganizo akuti "set" ankagwirizana ndi moyo wokhazikika wa Angerezi akale, pomwe "run" ndi mneni wa anthu a masiku ano, a makina ndi phuma. Maganizowa ndi okoma kuwamva ndipo ali ndi choona chake, koma ine ndimaona kuti amayambira nkhani pakati. Liwu la "run" linali kale ndi nthambi ziwiri zikuluzikulu makina asanabwere.

Chingerezi cha m'nthawi ya mfumu Alfred, amene analamulira Wessex kuyambira mu 871 mpaka mu 899, chinali ndi aneni awiri apachibale. Wina anali "rinnan", amene kawirikawiri ankamveka "irnan" zilembo zitasinthana malo, ndipo ankanena za kuyenda kwa madzi komanso za liwiro la munthu. Wina anali "ærnan", wonena za kuchititsa chinthu kuti chithamange, makamaka hatchi imene munthu wakwera. A Viking amene anakhazikika kumpoto ndi kummawa kwa England anabwera ndi aneni awo ofanana ndi amenewa, "rinna" ndi "renna", ndipo m'kupita kwa zaka zonsezi zinasakanikirana mpaka kutsala liwu limodzi. Chijeremani chinawasunga awiri mpaka lero: "rinnen" ndi wa madzi, "rennen" ndi wa miyendo. Kotero Mngerezi akamati mtsinje wa Thames "runs through London" sikuti akuyerekeza mtsinje ndi munthu waliwiro. Tanthauzo la madzilo ndi lakale mofanana ndi la miyendo.

Chimene chimagwirizanitsa ziwirizi ndi kuyenda kosadukiza, kopanda chogwira. Woyenda pang'onopang'ono phazi limodzi limakhala pansi nthawi zonse, pomwe wothamanga amakhala ndi kamphindi kamene mapazi onse awiri ali m'malere. Kusiyana kumeneku n'komwe oweruza mpikisano woyenda mwandawala pa masewera a Olympics amayang'anira, ndipo amene waonekera kangapo kuti mapazi onse anachoka pansi amamutulutsa. Madzi nawo sayenda phazi ndi phazi. Akangopeza njira amapita osapumira. Munthu akagwira chithunzi chimenechi m'mutu, matanthauzo ochuluka amayamba kudzimasulira okha.

Nthambi ya madzi ndi yosavuta kuilondola. Mpopi wotsegula "is running", ndipo nyumba yokhala ndi madzi a m'mipopi ili ndi "running water". Mwana wa chimfine ali ndi "runny nose". Chitenje chatsopano chikachucha utoto m'beseni n'kuwononga malaya oyera, Mngerezi amati "the colour ran". Wotsegula m'mimba, akamacheza ndi anzake osati ndi dokotala, amati ali ndi "the runs". Chitsime chikaphwa "has run dry". Ndipo poti madzi akatuluka onse mumtsuko mumatsala mbee, "run out" anakhala mawu onenera kutha kwa chilichonse: ufa, mafuta a galimoto, mayunitsi a foni, nthawi, ngakhale kuleza mtima. Apa pali kamsampha kakang'ono. Chinthu chimene chikutha chikakhala mwininkhani amati "the sugar has run out", koma mwininkhani akakhala munthu amene zamuthera amawonjezera "of", n'kuti "we have run out of sugar". M'chiganizo chachiwirichi anthuwo sanatuluke thukuta, angotsala ndi tiyi wopanda shuga.

Kuchokera pa mtsinje kufika pa msewu ndi pafupi. Mtsinje uli ndi madzi oyenda, komanso uli ndi njira yake yooneka pamapu, ndipo liwu lomwelo linayamba kunena za njirayo ngakhale pamene palibe chikuyenda. Msewu, mpanda, njanji, chipsera cha pamwendo, malire a dziko, zonsezi "run" kuchoka apa kufika apo. Katswiri wa zilankhulo Leonard Talmy anafotokoza kuti m'ziganizo zotere chimene chikuyenda ndi diso kapena maganizo a wolankhulayo, amene akutsata chinthucho kuchokera kumayambiriro kukafika kumathero. Mtunda ukasanduka nthawi, tanthauzo limakhala kupitirira: mgwirizano wa lendi "runs" mpaka December, msonkhano "ran" mpaka usiku, matenda a shuga "run in the family" kutanthauza kuti ndi akumtundu, amatsika mibadwomibadwo. M'nyumba za zisudzo ku London, nyengo yonse imene sewero likuonetsedwa imatchedwa "run". Sewero la Agatha Christie lotchedwa The Mousetrap linayamba kuonetsedwa kumeneko mu November 1952 ndipo silinaime mpaka mu March 2020, pomwe Covid-19 inatseketsa nyumba zonse za zisudzo. Linayambiranso mu May 2021.

Makina ndiwo anakulitsa liwuli kuposa china chilichonse, ndipo apa Winchester ananena zoona. Gudumu lozungulira bwino, chigayo choyendera madzi ndi wotchi zinali kale ndi mneniyu, koma mafakitale a nsalu a ku Lancashire ndi njanji zoyambirira, ya Stockton ndi Darlington mu 1825 ndi ya Liverpool ndi Manchester mu 1830, zinadzaza dziko ndi zinthu zoyenda zokha osatopa. Injini yolira "is running" ngakhale galimoto itaima. Sitima ndi mabasi "run" tsiku ndi tsiku potsata nthawi yake, ndipo zikachedwa "are running late", mawu amene anthu anawatengera pa iwo eni, moti wochedwa ku msonkhano amatumiza uthenga wotero ali chikhalire m'minibasi yodikira kudzaza.

Apa mpamene malamulo a chilankhulo amalowerera, ndipo wolankhula Chichewa angawaone bwino kuposa mwini Chingerezi. Ife mneni timamusintha poyera: kuyenda n'kuyendetsa, kuthamanga n'kuthamangitsa, kugwa n'kugwetsa. Msintho wochititsawu umamveka m'khutu, sungausowe. Chingerezi chakale chinali ndi kachitidwe kofananako, ndipo zotsalira zake zilipobe mwa aneni awiriawiri monga "sit" ndi "set", "lie" ndi "lay", "fall" ndi "fell". "Set" uja amene analanditsa mpando ndi wochititsa wa "sit", monga kukhala ndi kukhazika. Koma "rinnan" ndi "ærnan" atasungunukira pamodzi, liwu limodzi linatsala likugwira ntchito ziwiri, ya mneni wosayambukira ndi ya woyambukira. "The engine runs" ndi injini ikuyenda, "she runs the engine" ndi akuyendetsa injini. Palibe chasintha pa mneniyo. Chokuuza ndi pamtherankhani amene wabwera patsogolo pake basi. Izi zokha zikutanthauza kuti pafupifupi tanthauzo lililonse limabala linzake: madzi "run", munthu "runs a bath", nkhani "runs" m'nyuzipepala, mkonzi "runs the story", hatchi "runs", mwini wake "runs the horse" pa mpikisano.

Kuchoka pa woyendetsa makina kufika pa woyendetsa fakitale yonse panalibe mtunda. M'zaka za m'ma 1800, makamaka ku America, anthu anayamba kunena za kuyang'anira hotela, sitolo, sukulu ndiponso dziko ndi mneni yemweyu. Lero tanthauzo limeneli ndi limodzi mwa amene wowerenga nyuzipepala amakumana nawo kwambiri. Mkati mwake muli ganizo lakuti kampani kapena boma ndi makina, ndipo mtsogoleri wabwino ndi amene sakuwalola kuzima.

Tsono taonani mawu amene ndakhala ndikugwiritsa ntchito pomasulira zonsezi. Madzi akuyenda, wotchi ikuyenda, injini ikuyenda, basi ikuyenda, geni ikuyenda, akuyendetsa sukulu, malamulo oyendetsera dziko. Katundu amene Angerezi anasenzetsa mneni wa liwiro, ife tinasenzetsa mneni wa kuyenda, ndipo timafika naye patali mpaka pa malonje, pomwe timafunsana ngati zikuyenda. Ndiye wophunzira amene wasokonezeka ndi "run" m'chiganizo, nthawi zambiri amapeza njira msanga akayesa kuyenda kapena kuyendetsa kusiyana ndi kukakamira kuthamanga kwa ku pulayimale kuja. Kuthamanga kwathu kuli ndi njira zakezake zimene Chingerezi sichitsata. Matenda othamanga magazi kwa iwo ndi nkhani ya mphamvu imene magazi akukankhira mitsempha, liwiro silitchulidwa n'komwe, ndipo amene wathamangitsidwa pa nyumba ya lendi, m'Chingerezi cha masiku onse amamunena ndi aneni ena.

Koma kiyi ameneyu satsegula zitseko zonse, ndipo pomwe amakanika mpoyenera kupadziwa. Kuyendetsa galimoto, kugwira chiwongolero, ndi "drive". Munthu wa ku Britain akati sangathe "to run a car" sakunena kuti alibe laisensi. Akunena kuti thumba lake silingakwanitse mafuta, inshulansi ndi amakaniko. Kuyenda pansi ndi "walk", kuyenda ulendo ndi "travel", ndipo zinthu zikamayenda bwino pa moyo wa munthu amati "going well". Zilankhulo ziwirizi zimakumana pa madzi, pa makina ndi pa utsogoleri, n'kusiyana pa zina.

Nthambi ya miyendo nayo sinakhale chete. Inalowa m'ndale kudzera ku mijaho ya mahatchi. Ku Britain wofuna uphungu "stands for Parliament", amaima, monga momwe ifenso timanenera kuti wakuti waima pa ukhansala. Ku America "runs for Congress", amathamangira mpandowo, ndipo mawu ena onse a mjaho amamutsatira: amene akutsogola ndi "front-runner", amene wathera kutali ndi "also-ran", liwu lochokera pa mndandanda wa zotsatira za mijaho pomwe mahatchi osapata kanthu ankangotchulidwa kuti nawonso anathamanga nawo. "Running mate" poyamba inali hatchi yothamanga pambali pa inzake. Lero ndi munthu amene akupikisana limodzi ndi wofuna upulezidenti kuti adzakhale wachiwiri wake, ndipo mawuwa amamveka osamasuliridwa ngakhale pa wayilesi za Chichewa nyengo ya kampeni ikafika. Ku Zambia dongosolo limeneli linalowa m'malamulo mu 2016, pomwe Edgar Lungu anaima ndi Inonge Wina, ndipo mu 2021 Hakainde Hichilema anaima ndi Mutale Nalumango.

Pali mawu awiri a m'banja lomweli amene ife timawaphatikiza tikamati chisankho chachibwereza, pomwe m'Chingerezi ndi zinthu zosiyana. "Run-off" ndi gawo lachiwiri la chisankho chimene sichinalakwike, kungoti palibe amene wapeza mavoti opitirira theka, ndiye awiri otsogola amapikisananso okha. Ndi zimene zinachitika ku Zimbabwe pa 27 June 2008 pakati pa Robert Mugabe ndi Morgan Tsvangirai, ngakhale Tsvangirai anatuluka mumpikisanowo kutatsala masiku ochepa chifukwa cha nkhanza zimene omutsatira ankachitidwa. "Rerun" ndi kuyambiranso chisankho chimene chathetsedwa. Khoti litathetsa pa 3 February 2020 zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha ku Malawi cha mu May 2019, atolankhani akunja ambiri anatchula voti ya pa 23 June 2020 ndi dzina limeneli. Chigamulo chomwecho ndi chimene chinanenanso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka, kutanthauza kuti chinabweretsa "rerun" nthawi yomweyo n'kutsegulira khomo "run-off" ya m'tsogolo.

Pa masewera liwuli linachita zachilendo pang'ono. Mu kiriketi, imene abale athu a ku Zimbabwe, South Africa ndi Britain amaionera pafupi, chigoli chimatchedwa "run" chifukwa omenya mpira awiri amathamanga kusinthana malo pa kabwalo kotalika mamita pafupifupi 20. M'zaka za m'ma 1700 owerengera ankasema timizera pa kamtengo, ndipo zigolizo zinkatchedwa ndi dzina la timizerato, dzina la "run" lisanapambane. Koma mpira ukagubuduka mpaka kumalire a bwalo amapereka 4, ukadutsa m'mwamba amapereka 6, womenyayo ataima pomwepo. Brian Lara wa West Indies atagoletsa 400 osatulutsidwa posewera ndi England ku Antigua mu April 2004, anafikitsa mpira kumalire ka 43 n'kuudutsitsa m'mwamba ka 4. Kuwerengera kwake ndi 196, pafupifupi theka la "runs" zake zonse, zimene sanafunike kuzithamangira. Amene amathamangadi ndi a Comrades Marathon, mpikisano wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg umene unayamba mu 1921. Chaka chimene akukwera kuchokera kunyanja amati "up run", chimene akutsikira ku Durban amati "down run".

Mbali yovutitsitsa kwa wophunzira ndi timawu ting'onoting'ono timene timabwera pambuyo pa mneni. Samuel Johnson, m'mawu oyamba a dikishonale yake ya mu 1755, anavomereza kale kuti aneni ophatikizidwa ndi timawu totere ndiwo amazunza alendo kuposa china chilichonse m'Chingerezi, chifukwa tanthauzo lake silituluka ukawerenga liwu lililonse palokha. "Run into" ndi kugunda chinthu, komanso ndi kukumana ndi munthu mwadzidzidzi. "Run over" ndi kuponda ndi galimoto, komanso ndi kusefukira, komanso ndi kupitirira nthawi imene munapangana. Amene wasinthanitsa awiriwa pouza mnzake kuti anakumana ndi apongozi ake kumsika akhoza kuliritsa mudzi wonse. "Run down" amanena za batire imene ikutha mphamvu, za nyumba imene yasiyidwa osaisamala, za munthu wofooka ndi ntchito, ndiponso za kunyoza mnzako kumbali. "Run up a bill" ndi kuunjika ngongole pang'onopang'ono mpaka kudzidzimuka tsiku lolipira. "Run through" ndi kubwereza mwachidule, koma m'mabuku akale a nkhondo ndi kubaya munthu ndi lupanga mpaka kutulukira kuseri. Pano ndiye palibe kuchitira mwina, awa ndi oloweza limodzilimodzi pamodzi ndi chiganizo chimene mwawapezamo. Ngakhale zili choncho, chithunzi chija cha chinthu choyenda osaima chimaonekerabe pansi pake: chikagunda, chikasefukira, chikatsika, chikakwera.

Zining'a zina zili ndi mbiri yochokera kutali. "Run the gauntlet", kudutsa pakati pa anthu amene onse akukuukira, sizikukhudzana ndi golovesi yachitsulo ya asilikali akale imene ili ndi dzina lofananalo. Mawuwa anachokera ku Chiswidishi, "gatlopp", kuthamanga m'kanjira, chilango cha asilikali chimene Angerezi anachidziwa m'nthawi ya nkhondo ya zaka 30 ya ku Ulaya, ya 1618 mpaka 1648. Wolakwa ankamudutsitsa pakati pa mizere iwiri ya anzake aliyense atanyamula chikwapu. Liwu lachilendolo linawavuta Angerezi pakamwa ndipo analikhotetsera ku liwu limene ankalidziwa kale. "Run amok", kulusa mosaugwira mtima, anatenga liwu lachiwirilo ku Chimalaya, chilankhulo cha ku Malaysia ndi Indonesia. "Run of the mill", chinthu wamba, poyamba ankanena za katundu yense monga watulukira m'fakitale asanasankhidwe kuti wabwino ndi uti. Ndipo poti wozembetsa katundu amadutsa mwaliwiro pomwe pali alonda, ozembetsa mowa m'nthawi imene America inaletsa mowa, kuyambira 1920 mpaka 1933, ankatchedwa "rum-runners", monga momwe ozembetsa mfuti amatchedwera "gun-runners". Dalaivala wodutsa maloboti atayaka ofiira nayenso "runs a red light".

Wina angafunse ngati kuthamanga kwenikweni kudakali ndi malo pakati pa zonsezi. Katswiri wa zilankhulo Stefan Gries anafufuza zimenezi mu 2006 potenga ziganizo mazana angapo za Chingerezi cha ku Britain ndi ku America n'kuona tanthauzo la mneniyu m'chiganizo chilichonse. Liwiro la miyendo linapezeka kuti ndilo tanthauzo lobwera kawirikawiri kuposa lina lililonse palokha, koma silinafike theka la ziganizo zonse. Aphunzitsi aja anayambira poyenera. Kungoti mwa maulendo ambiri amene wowerenga adzakumane ndi liwuli, miyendo sidzakhalapo.

Makompyuta ndiwo analitengera liwuli kutali kwambiri ndi thupi. Makina oyambirira owerengera anali ndi mamota ndi makadi oboola amene ankayendadi, ndiye kunena kuti pulogalamu "is running" kunali kunena zooneka ndi maso. Mu 1964 John Kemeny ndi Thomas Kurtz a ku Dartmouth College atapanga chilankhulo cha kompyuta cha BASIC, lamulo louza makina kuti ayambe kuchita zimene walemba linali RUN, ndipo ana ambiri a m'zaka za m'ma 1980 anayamba kulemba liwuli pa kompyuta asanadziwe matanthauzo ake ena. Mpaka lero pa Windows pali kabokosi ka dzina lomweli. Foni ikamakuuzani kuti WhatsApp "is running in the background", mkatimo mulibe gudumu kapena lamba, koma batire ndi bandulo zikutha ndithu.

Ku mabanki nako zinasintha chimodzimodzi. "A run on the bank" ndi pamene osunga ndalama amva mphekesera kuti banki ikugwa n'kukhamukira kukatapa zawo nthawi imodzi, zimene zimagwetsa ngakhale banki imene ikanapulumuka, poti palibe banki imene imasunga m'chipinda ndalama zonse za makasitomala ake. Mu September 2007 anthu a ku Britain anaonerera pa wayilesi yakanema mizere italiitali kunja kwa nthambi za Northern Rock. Mu March 2023 makasitomala a Silicon Valley Bank ku California anafuna kutulutsa madola 42 biliyoni tsiku limodzi, ambiri mwa iwo ali pa foni ndi pa kompyuta, ndipo tsiku lotsatira boma linaitseka bankiyo. Atolankhani anaitchabe "run".

Kum'mwera kwa Africa kuno dzina lakuti "runner" lili ndi ntchito imene ochita geni odutsa malire amaidziwa bwino, makamaka pakati pa Zimbabwe ndi South Africa. M'Chingerezi chakale ndithu liwuli limanena za mthenga, wotumidwa. Ku Johannesburg ndi ku Musina limanena za munthu amene mumamutumizira ndalama ndi zithunzi za katundu pa foni, iye n'kukazungulira m'mashopu a hoselo, kugula, kulongedza, kukapereka kwa a basi kapena a thiraki, n'kudulapo kake pa mtengo wa katunduyo.